Ma cytokine ndi khansa ya khomo la chiberekero: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwerabwera kuchokera kwa odwala, owasamalira ndi ophunzira za umoyo akamva kuti ofufuza akuyeza ma cytokine pofuna kudziwiratu mmene khansa ya khomo la chiberekero iyendere m'thupi la mayi. Tayamba ndi ophweka, ozama ali kumunsi.

Kodi ma cytokine n'chiyani?

Ndi timapuloteni ting'onoting'ono timene maselo amatumizirana ngati uthenga. Selo likakumana ndi kachilombo kapena likavulala, limatulutsa cytokine, ndipo selo lina lokhala ndi cholandirira chake limamva n'kuchitapo kanthu. Uthengawo ukhoza kukhala woti "bwerani kuno", "chulukanani", "iphani selo ili", kapena "basi, lekezani pomwepo". Thupi likatentha, bala likafiira n'kutupa, chilakolako cha chakudya chikathawa pamene mukudwala, dziwani kuti ma cytokine ali pa ntchito.

Woyamba kudziwika bwino ndi interferon, amene Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann anamufotokoza mu 1957 ku London. Dzina loti cytokine analiyambitsa Stanley Cohen mu 1974.

Mayina ake ndi osokoneza. Ndi ati amene ndiyenera kuwadziwa?

Alipo oposa 100, koma pa nkhani ya khansa iyi mayina ake ndi omweomwewo. Oyamba ndi zilembo IL ndi a gulu la interleukin, ndipo nambala yake imangotsatira ndondomeko imene anawatchulira, sikuti IL-10 imaposa IL-6 mphamvu. Muzikumana kawirikawiri ndi IL-6, IL-8, IL-10, IL-12 ndi IL-17. Kenako pali interferon gamma, TNF ndi TGF-beta. Oyamba ndi CXCL kapena CCL amatchedwa ma chemokine, ndipo ntchito yawo ndi kulondolera maselo a chitetezo njira. VEGF ndi G-CSF ena amawaika m'gulu la zokulitsa maselo, koma kafukufuku wambiri amawayeza pamodzi ndi enawo, choncho nafenso tiwaphatikiza.

Zikukhudzana bwanji ndi khansa ya khomo la chiberekero?

Khansa iyi ndi yosiyana ndi zambiri chifukwa gwero lake limadziwika: pafupifupi yonse imayamba ndi kachilombo ka HPV. Gulu la Harald zur Hausen ku Germany linapeza HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984, ndipo mitundu iwiriyi imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa zonse za khomo la chiberekero. Anthu ambiri amatenga HPV nthawi ina pa moyo wawo, koma mwa anthu 10 alionse, pafupifupi 9 thupi limathana nako lokha zaka ziwiri zisanathe. Khansa imadza pamene kachilomboko kakakamira kwa zaka, kawirikawiri 15 mpaka 20.

Ndiye kuti nkhani yonse, kuyambira pachiyambi, ndi ya chitetezo cha m'thupi: kodi chinakaona kachilomboko kapena kanachizemba? HPV kamadziwa kubisala. Kamakhala m'maselo a pamwamba okha, sikayenda m'magazi, ndipo sikaphulitsa selo limene kalowamo, choncho palibe mfuu imene imamveka. Mapuloteni ake awiri, E6 ndi E7, amadziwika kwambiri chifukwa chowononga p53 ndi pRb, mapuloteni a selo amene amaletsa selo kugawikana mosalekeza. Koma E6 ndi E7 omwewonso amatsekereza njira zimene selo limapangira interferon. Puloteni yachitatu, E5, imachepetsa zizindikiro za pamwamba pa selo zimene maselo a chitetezo otchedwa T amayang'ana pofufuza adani. Poti matendawa amayamba ndi kusokonekera kwa uthenga, n'zomveka kuti ofufuza anaganiza zoumvetsera uthengawo kuti adziwe kumene zinthu zikulowera.

Mukati "chizindikiro cholosera", mukutanthauza chiyani?

Pali mafunso atatu amene anthu amawasakaniza. Loyamba ndi lakuti, kodi matenda alipo? Limayankhidwa ndi kupima khomo la chiberekero, kuyeza HPV, ndiponso kudula kachidutswa ka mnofu n'kukaunika pa maikulosikopu. Ma cytokine sangayankhe limeneli. Lachiwiri ndi lakuti, poti matenda alipo, ayenda bwanji: abwereranso, afalikira msanga? Chizindikiro cholosera chimayankha funso ili. Lachitatu ndi lakuti, mankhwala akutiakuti amuthandiza mayiyu kapena ayi? Chizindikiro china chikhoza kuyankha bwino lachiwiri n'kulephereratu lachitatu.

Kuloseraku ndi kwa gulu. Akati IL-6 yochuluka imayendera limodzi ndi kufa msanga, akutanthauza kuti mukatenga amayi 100 a IL-6 yochuluka ndi ena 100 a IL-6 yochepa, m'gulu loyambalo mukhala omwalira ochulukirapo pakatha zaka zingapo. Sakunena kuti mayi wakutiwakuti ali m'gulu la omwalirawo.

Nanga panopa madokotala amadalira chiyani polosera?

Chachikulu ndi siteji, kutanthauza pamene khansa yafika. Bungwe la padziko lonse la madokotala a amayi, FIGO, limagawa masiteji anayi, kuyambira I pamene idakali pakhomo la chiberekero pokha, mpaka IV pamene yalowa m'chikhodzodzo, m'matumbo akumunsi kapena ziwalo zakutali. Mu 2018 linasintha ndondomekoyi n'kuwonjezera siteji IIIC ya amayi amene khansa yafika m'timibulu ta mwanabele, chifukwa kufika kumeneko kumasintha zinthu kwambiri ngakhale chotupa chikhale chaching'ono. Kusiyana kwa masiteji ndi kwakukulu: ku United States, amayi opezeka khansa isanachoke pamalo ake, pafupifupi 90 pa 100 amakhala ali moyo pakatha zaka 5, pamene kwa amene yafalikira kutali ndi pafupifupi 20 pa 100.

Amaonanso kukula kwa chotupa, kuzama kwake, mtundu wa maselo ake, ngati chalowa m'timitsempha, ndi mphamvu za wodwalayo. Zipatala zina zimayeza SCC antigen m'magazi, puloteni yodziwika kuyambira 1977, potsatira ngati khansa ikubwerera. Cytokine iliyonse yofuna kulowa m'gulu limeneli iyenera kunena kanthu kena kamene zinthu zonsezi sizinanene kale. Apa m'pamene ambiri amagwera.

N'chifukwa chiyani IL-6 imatchulidwa kuposa ena onse?

Chifukwa ili ndi dzanja pafupifupi paliponse pamene khansa imapweteka munthu. Gulu la Tadamitsu Kishimoto ku Osaka ndi limene linapeza kapangidwe kake mu 1986. M'chotupa cha khomo la chiberekero imatulutsidwa ndi maselo a khansa eniake, komanso ndi maselo oyandikana nawo amene khansa yawasandutsa antchito ake. Ikafika pa selo imayatsa puloteni ya STAT3, ndipo STAT3 imauza selolo kuti lisafe, lipitirize kugawikana. Selo lokana kufa limakananso cheza cha radiotherapy ndi mankhwala a cisplatin, zomwe kuyambira 1999 ndizo chithandizo chachikulu cha khansa imene yadutsa poti n'kuchitidwa opaleshoni. IL-6 imalimbikitsanso kupangidwa kwa VEGF, imene imameretsa mitsempha ya magazi, ndipo imathandiza kutembenuza maselo a chitetezo otchedwa macrophage kuti m'malo molimbana ndi chotupa azichiteteza.

Siithera m'chotupa. Ikalowa m'magazi n'kufika kuchiwindi, chiwindi chimatulutsa CRP, chizindikiro cha kutupa chimene malabotale ambiri amayeza. Chimatulutsanso hepcidin, imene imatsekera ayironi m'nkhokwe zake n'kuletsa matumbo kuyamwa wina. Mayi amene akutaya kale magazi chifukwa cha chotupa amapezeka kuti magazi ake akucheperachepera, ndipo nthawi zina mapiritsi a ayironi sathandiza mokwanira chifukwa chitseko ndi chotseka. Kuchepa kwa magazi kwadziwika kalekale kuti kumayendera limodzi ndi zotsatira zoipa za radiotherapy pa khansa iyi, ndipo chifukwa chimodzi n'chakuti cheza chimapha bwino maselo pamene pali mpweya wa okosijeni wokwanira. IL-6 ndi TNF alinso m'gulu la zimene zimawondetsa odwala khansa, minofu n'kumasungunuka ngakhale munthu akudya.

Kafukufuku wambiri wapeza kuti IL-6 yochuluka, m'magazi kapena m'chotupa, imapezeka kwambiri mwa amayi a siteji yapamwamba ndi amene sakhalitsa. Pa ma cytokine onse, umboni wa IL-6 ndi umene umagwirizana kwambiri. Komabe onani funso la chifukwa chake zipatala sizinayambe kuiyeza, musanathamangire kukapempha.

Ndimayesa chitetezo chikachuluka ndi bwino. Zikutheka bwanji kuti kuchuluka kwa ma cytokine kukhale koipa?

Chitetezo si chinthu chimodzi chimene chimangokwera kapena kutsika. Chili ndi uthenga woyambitsa nkhondo ndi wina woithetsa, chifukwa thupi losadziwa kuleka kumenya lingadziwononge lokha. Bala likamapola, thupi limatumiza uthenga woti asilikali abwerere, mitsempha yatsopano imere, mnofu udzaze. Chotupa chimabera uthenga womwewu. Chimadzionetsa ngati bala losapola, ndipo thupi limangochisamalira.

IL-10 ndi TGF-beta ndiwo akuluakulu pa ntchito yotontholetsayi. IL-10 itafotokozedwa koyamba mu 1989, dzina lake linali lonena ntchito yake yomweyo, yoletsa maselo ena kupanga ma cytokine. Imafooketsa maselo amene amaonetsa adani kwa maselo a T. TGF-beta ndi ya nkhope ziwiri: m'maselo abwinobwino imaletsa kugawikana, koma khansa ikakhwima imasiya kumva lamulo limenelo, ndipo TGF-beta yomweyo imayamba kuthandiza maselo a khansa kumasuka n'kuyenda, kwinaku ikuchulukitsa maselo a Treg amene ntchito yawo ndi kuletsa anzawo kumenya. Zotupa zokhala ndi ma Treg ambiri poyerekeza ndi maselo opha a CD8 zapezeka kuti zimayenda moipa.

Alipo amene kuchuluka kwawo ndi nkhani yabwino?

Alipo. Interferon gamma ndiye wamkulu, pamodzi ndi IL-12 imene imamudzutsa, ndi ma chemokine a CXCL9 ndi CXCL10 amene amaitanira maselo a T m'kati mwa chotupa. Mu 1986 Tim Mosmann ndi Robert Coffman anagawa maselo a T othandiza m'magulu awiri, Th1 ndi Th2, ndipo kwa zaka zambiri khansa iyi inkafotokozedwa motero: matenda akamakula, uthenga wa Th1, womwe ndi wa interferon gamma, umazilala, wa Th2 ndi IL-10 n'kumakwera. Chithunzichi n'chosakwanira, koma chimathandiza poyambira.

Ngakhale interferon gamma ali ndi kumbuyo kwake. Maselo a khansa akamumva, ena amatulutsa PD-L1 pamwamba pawo, chomwe chimagoneka maselo a T amene abwera kudzawapha. Za PD-L1 tazifotokoza pa funso la mankhwala.

IL-17 ndiye sagwirika. Kafukufuku wina amamuika kwa oipa, wina kwa abwino, ndipo zikuoneka kuti zimadalira selo limene lamutulutsa.

Nanga VEGF ndi IL-8?

Chotupa sichingakule kupitirira mamilimita ochepa popanda mitsempha yake ya magazi. Pakati pake pakayamba kusowa okosijeni chimatulutsa VEGF, imene Napoleone Ferrara anaipatula mu 1989, ndipo mitsempha yatsopano imamera kulowera komweko. Mitsemphayi imakhala yopindikapindika ndi yosalimba, n'chifukwa chake khansa ya khomo la chiberekero imachucha magazi ikangokhudzidwa, monga pogonana kapena popimidwa. E6 ya HPV nayo imakweza VEGF. IL-8 imathandiza ntchito yomweyo ya mitsempha, n'kuitananso maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophil. Zonse ziwiri zikachuluka m'chotupa, kafukufuku wambiri wazipeza limodzi ndi kufalikira kwa khansa.

Amayezedwa bwanji?

Njira yofala ndi ELISA, imene Eva Engvall ndi Peter Perlmann anaifotokoza mu 1971 ku Stockholm. Wa mulabotale amatenga kambale kapulasitiki kokwana pachikhatho, kokhala ndi timaenje 96. Pansi pa kaenje kalikonse pamakhala pomatidwa kale zogwira cytokine imodzi yokha. Amadonthezamo madzi a magazi, kudikira, kutsuka, kuthiramo zina, kutsukanso, mpaka pomaliza timaenje timayamba kusanduka tabuluu, tina mozama, tina mongoyezimira. Akathiramo asidi woimitsa, buluu uja amasanduka chikasu nthawi yomweyo, ndipo makina amawerenga kuzama kwa chikasucho. Mzere umodzi wa timaenje umakhala ndi milingo yodziwika kale, woyerekezera. Ntchito yonse imadya maola angapo, ndipo dzanja likangoterereka potsuka, zotsatira zapita.

Milingo yake ndi yaing'ono zedi, ma picogram pa mililita imodzi, ndipo picogram ndi gawo limodzi mwa magawo 1 thiliyoni a gilamu. Mwa munthu wathanzi IL-6 imakhala ma picogram ochepa chabe, nthawi zina osafika poti makina n'kuwaona. Pali makina ena oyeza ma cytokine makumi angapo pa kadontho kamodzi. Ofufuza amayezanso m'kachidutswa ka chotupa popaka utoto umene umasanduka wofiirira pamene pali puloteniyo, kapena m'chinyezi cha pakhomo la chiberekero. Malo atatuwa, magazi, chotupa ndi chinyezi, kawirikawiri sapereka yankho limodzi.

Ngati umboni ulipo, bwanji zipatala sizinayambe kuwayeza?

Chifukwa choyamba n'chakuti cytokine ili ngati utsi: imakuuzani kuti kwinakwake kukuyaka, koma sinena chimene chikupsa. IL-6 imakwera ndi chimfine, malungo, chifuwa chachikulu, matenda a m'njira ya mkodzo, dzino lovunda, kunenepa kwambiri, kusuta, ngakhale kuthamanga mtunda wautali. Imasinthanso ndi nthawi ya tsiku. Chotupa chachikulu cha khomo la chiberekero nthawi zambiri chimakhala ndi chilonda chimene mwalowa mabakiteriya, ndiye munthu sangadziwe ngati IL-6 yakwera chifukwa cha ukali wa khansa kapena chifukwa cha chilondacho. M'chinyezi cha kumaliseche zinthu zimavuta kuposa apo, poti msambo, kugonana kwa posachedwa, njira zina zolera ndi matenda opatsirana pogonana zonse zimasintha milingo.

Chachiwiri chili mu chubu chosungiramo magazi momwemo. Tengani VEGF. Yambiri imasungidwa m'timaselo toundanitsa magazi, ma platelet. Magazi akasiyidwa kuti aundane, timaselo timeneti timakhuthula VEGF yawo, ndipo mlingo umatuluka wokwera kuposa wa magazi omwewo atathiridwa mankhwala oletsa kuundana. Chubu chikakhalitsa patebulo chisanazunguzidwe m'makina olekanitsa maselo ndi madzi a magazi, maselo oyera amapitiriza kutulutsa IL-8 ali m'chubumo. Kuumitsa ndi kusungunula kangapo kumawononga ena. Zida za makampani awiri zikhoza kupereka manambala osiyana pa magazi amodzi. Motero palibe malire ogwirizana oti pamwamba pa apa ndi "yochuluka". Gulu lililonse la ofufuza limadziikira ake, ndipo ena amasankha malire amene akupereka zotsatira zokongola pa odwala awo omwewo.

Chachitatu ndi kukula kwa kafukufuku. Wambiri ndi wa chipatala chimodzi, odwala makumi angapo kapena kungopitirira 100, ndipo amachitika poyang'ana m'mbuyo. Mukayeza ma cytokine 30 mwa amayi 60, simulephera kupeza mmodzi kapena awiri ooneka ngati akulosera, mwangozi chabe. Amene sanapeze kanthu nthawi zambiri salemba n'komwe. Mavuto amenewa ndi amene anachititsa kuti mu 2005 patuluke malangizo otchedwa REMARK, onena mmene kafukufuku wa zizindikiro zolosera khansa ayenera kulembedwera.

Chomaliza, chimene kwa ine ndicho chachikulu: tiyerekeze kuti mwayeza bwinobwino ndipo IL-6 yapezeka yokwera. Ndiye dokotala atani? Chithandizo cha mayi wa siteji IIB sichisintha. Palibe kafukufuku wamkulu amene waonetsa kuti kusintha chithandizo potengera cytokine kumatalikitsa moyo. Kuyeza kumene sikusintha chochita kumangowonjezera nkhawa.

Ndamva kuti kuyeza magazi wamba kumaonetsa zomwezi. Ndi zoona?

Pang'ono inde, ndipo ili ndi gawo losangalatsa la nkhaniyi. Ma cytokine amasiya mapazi awo m'zotsatira zimene wodwala khansa aliyense amayezedwa kale. CRP yokwera ndi phazi la IL-6, monga tanenera pa funso lake. Ma platelet ochuluka nawonso nthawi zambiri amachokera ku IL-6, imene imauza chiwindi kuti chitumize uthenga wowachulukitsa. Hemoglobin yotsika, kutanthauza kuchepa kwa magazi, ndi kutsika kwa puloteni ya m'magazi yotchedwa albumin zimaloza komweko. Ofufuza amagawanso chiwerengero cha ma neutrophil ndi cha ma lymphocyte, omwe ndi mtundu wina wa maselo oyera, n'kupeza nambala yotchedwa NLR, ndipo ikakwera yapezeka mobwerezabwereza kuti imayendera limodzi ndi zotsatira zoipa.

Pali kagulu ka amayi amene maselo awo oyera amakwera kwambiri popanda matenda ena alionse ooneka. Ofufuza a ku Japan anaonetsa kuti zotupa zina za khomo la chiberekero zimadzipangira G-CSF, imene imauza mafuta a m'mafupa kutulutsa maselo oyera ankhaninkhani, ena mwa iwo osakhwima ndipo ntchito yawo ndi kufooketsa chitetezo. Zotupa zotere zimakula msanga ndipo zimakonda kukana radiotherapy.

Musaiwale kuti mapazi amenewa ali ndi vuto la utsi lija. NLR imakwera ndi matenda alionse a mabakiteriya ndi mankhwala a steroid, ndipo nayonso ilibe malire ogwirizana.

Nanga kwa amayi amene ali ndi HIV?

Bungwe la WHO limati amayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo cha khansa iyi kuwirikiza ka 6, ndipo pamene chitetezo chafooka khansa ikhoza kudza m'zaka 5 mpaka 10 zokha. HIV imapha maselo a CD4, omwe ndi gwero lalikulu la interferon gamma ndi IL-2, choncho HPV kamakakamira mosavuta. Uwu ndi umboni wamphamvu kwambiri woti chitetezo ndicho chimagamula nkhaniyi.

Koma pa kuyeza, HIV imasokoneza. Ngakhale munthu akumwa ma ARV mokhulupirika ndipo kachilombo sikakuoneka m'magazi, IL-6 ndi zizindikiro zina za kutupa zimakhalabe zokwererapo mwa ambiri. Malire opezeka mwa amayi opanda HIV sangangosamutsidwa. Ndipo apa pali chodandaulitsa: mu 2022 amayi pafupifupi 660,000 anapezeka ndi khansa iyi padziko lonse, 350,000 anamwalira, ndipo 94 pa 100 ya imfazo zinali m'mayiko osauka ndi apakati, kumene kulinso amayi ambiri a HIV. Kafukufuku wambiri wa ma cytokine wachitikira kwina, ndipo nthawi zambiri amayi a HIV sanalowetsedwemo.

Kodi angathandize kudziwa zilonda zoyambirira zimene zidzasanduke khansa?

Funsoli ndi lofunika chifukwa si chilonda chilichonse chimene chimapita patsogolo. Kusintha kwa maselo khansa isanayambe kumatchedwa CIN, ndipo kuli magawo atatu. CIN 1 yambiri imatha yokha. CIN 2, pafupifupi theka imabwerera m'zaka ziwiri, makamaka mwa amayi osafika zaka 30. CIN 3 ikasiyidwa, pafupifupi 3 mwa 10 zimasanduka khansa m'zaka 30. Pakanakhala chizindikiro chosiyanitsa, amayi ena achitsikana akanapewa kudulidwa khomo la chiberekero, kumene kumawonjezera chiopsezo chobereka masiku asanakwane.

Ofufuza aona kuti IL-10 ndi TGF-beta zimakonda kukwera CIN ikamakula, koma mavuto a chinyezi amene tatchula aja amakula kwambiri pano. Zimene zikugwiritsidwa ntchito ndi zina: mtundu wa HPV, makamaka 16 ndi 18, ndi utoto woonetsa mapuloteni a p16 ndi Ki-67 m'maselo.

Kodi pali mankhwala amene anachokera ku nzeru zimenezi?

Alipo, ndipo phindu lenileni la kafukufukuyu laonekera kuno kuposa pa kulosera. Bevacizumab amagwira VEGF. M'kafukufuku wa GOG 240, wotuluka mu 2014, kumuwonjezera pa chemotherapy kwa amayi a khansa yofalikira kapena yobwerera kunakweza nthawi yapakati yokhala ndi moyo kuchoka pa miyezi 13.3 kufika pa 17. Ali ndi zovuta zake, monga kuthamanga kwa magazi ndi kubooka kwa njira pakati pa ziwalo. Chodabwitsa n'chakuti madokotala sayeza VEGF m'magazi posankha womupatsa, chifukwa mlingo wake sunaonetse kuti ungasankhe bwino. Ndi chitsanzo cha kusiyana kwa mafunso awiri aja, la mmene matenda ayendere ndi la ngati mankhwala akutiakuti athandize.

Pembrolizumab amatseka PD-1, cholandirira cha pa maselo a T chimene PD-L1 imagwirapo powagoneka. Tasuku Honjo, amene anapeza PD-1, analandira mphoto ya Nobel mu 2018 pamodzi ndi James Allison. Ku United States mankhwalawa anavomerezedwa pa khansa iyi mu 2018, kenako mu 2021 pamodzi ndi chemotherapy, ndipo mu 2024 pamodzi ndi radiotherapy ndi cisplatin pa siteji III mpaka IVA malinga ndi ndondomeko ya FIGO ya 2014. PD-L1 si cytokine, chifukwa imakhala yomatirira pa selo, koma ndi chizindikiro cha chitetezo chimene chinafikadi m'chipatala. Katswiri amawerenga pa maikulosikopu maselo onse amene agwira utoto, a khansa ndi a chitetezo omwe, kugawa ndi chiwerengero cha maselo a khansa amoyo, n'kuchulukitsa ndi 100. Nambalayo imatchedwa CPS, ndipo pa khansa yofalikira kapena yobwerera malire ake ndi 1. PD-L1 inadutsa pamene ma cytokine akukanika chifukwa ili ndi njira yoyezera yogwirizana, malire amodzi, ndi mankhwala oti aperekedwe yankho likatuluka.

Oletsa IL-6, monga tocilizumab, alipo ndipo amagwira ntchito pa nyamakazi ndiponso pa COVID-19 yoopsa, koma sali m'gulu la mankhwala ovomerezeka a khansa ya khomo la chiberekero.

Ndili ndi khansa iyi. Ndipemphe kuti andiyeze ma cytokine?

Ayi, pokhapokha ngati mwalowa m'kafukufuku amene akufuna zimenezo, ndipo zikatero akufotokozerani n'kukupemphani chilolezo. Wina akakuuzani kuti ayeza "mphamvu ya chitetezo" chanu n'kukugulitsani zokweza kapena zotsitsa ma cytokine, samalani. Mwaona kale kuti ena akakwera ndi bwino, ena akakwera ndi tsoka, ndipo palibe chakumwa chodziwa kusankha.

Mafunso opindulitsa kwa dokotala wanu ndi awa: khansa yanga ili siteji yanji, yafika m'timibulu ta mwanabele, magazi anga ndi okwanira kuyamba chithandizo, ndipo radiotherapy yanga iphatikiza ya m'kati ija yotchedwa brachytherapy? Funsaninso kuti chithandizo chonse chitha liti. Cholinga chimakhala kumaliza radiotherapy yonse m'masabata 8, chifukwa ikatalikira kuposa apo mwayi wogonjetsa chotupa umatsika.

Ndawerenga nkhani yoti apeza cytokine yolosera khansa iyi. Ndidziwa bwanji ngati ndi yodalirika?

Yambani ndi chiwerengero cha odwala, ndiponso angati mwa iwo anamwalira kapena khansa inawabwerera, chifukwa mphamvu ya kafukufuku wotere imachokera pamenepo. Onani ngati anaganizira siteji, timibulu ta mwanabele ndi kukula kwa chotupa powerengera. Ngati sanatero, mwina angopeza kuti chotupa chachikulu chimatulutsa IL-6 yambiri, zomwe dokotala anaziona kale popima. Onani ngati malire anaikidwa kafukufuku asanayambe, ndiponso ngati anayesedwanso pa gulu lina la odwala, kuchipatala china.

Mudzakumana ndi nambala yotchedwa hazard ratio. Ikakhala 1, magulu awiriwo sakusiyana. Ikakhala 2, pa nthawi iliyonse chiopsezo cha gulu limodzi ndi chowirikiza kawiri cha linzake. Pambali pake pamakhala manambala awiri osonyeza pamene yankho lenileni lingakhale. Akalemba 2.4 koma manambala awiriwo ndi 0.9 ndi 6.5, ndiye kuti 1 ali m'kati mwake, ndipo kafukufukuyo sanathe kutsimikiza kuti maguluwo akusiyanadi. Pomaliza fufuzani m'gawo lofotokoza njira zawo ngati anena kuti magazi anatengedwa chithandizo chisanayambe kapena chili m'kati, poti radiotherapy ndi opaleshoni pazokha zimakweza IL-6.